Kutenga ngongole yogulira nyumba ku Joni uli ndi pasipoti ya ku Malawi

Alamu anga ndi mmisiri wowotcherera zitsulo, ndipo akhala akulipira lendi ku Rosettenville kwa zaka zambiri ndithu. Tsiku lina anakhala pansi n'kuwonkhetsa ndalama zonse zimene apereka kwa mwini nyumba chibwerereni kuno, ndipo zimene anapeza zinawasowetsa tulo, moti m'mawa mwake anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita kubanki kukafunsa za ngongole yogulira nyumba, imene kuno timangoti bondi. Ananyamula kope lawo lachikuto cholimba, mmene amalembamo geti lililonse limene apanga, dzina la mwini geti ndi ndalama zimene analandira. Mayi amene anawalandira anapempha zinthu zitatu: pasipoti yokhala ndi pemiti, masitetimenti a kubanki a miyezi 6, ndi umboni wakuti amakhoma msonkho. Kope lija silinatsegulidwe n'komwe. Sikuti mayiwo ankawakayikira, koma banki siikongoza munthu chifukwa cha khama lake kapena mbiri yake yabwino kumpingo; imakongoza zimene mapepala akunena za iye, ndipo kwa mlendo mapepalawo amayang'anidwa ndi maso awiri. N'chifukwa chake ntchito yopeza bondi imayamba chaka chathunthu kapena ziwiri munthu asanaone nyumba imene akuifuna.

Malamulo a dziko la South Africa saletsa mlendo kugula nyumba, ndipo dzina la Mmalawi likhoza kulembedwa pa title deed, chikalata cha umwini wa nyumba, ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo, monga mmene limalembedwera la mbadwa ya kuno. Amene lamulo limamutsekera khomo ndi munthu amene ali m'dziko muno popanda chilolezo, pakuti lamulo la Immigration Act la mu 2002 limaletsa kugulitsa kapena kuchititsa lendi nyumba kwa munthu wotere. Chidindo cha masiku 30 chimene timalandira pa Beitbridge kapena pabwalo la ndege la OR Tambo ndi cha mlendo wodzacheza, sichilola munthu kugwira ntchito, choncho banki singawerengere ndalama zimene munthu akupeza kuno ali pa chidindo chimenechi. Tinenenso kuti kugula nyumba sikumupatsa munthu chilolezo chokhala m'dziko. Ndamvapo anthu akulimbikitsana kuti ukakhala ndi nyumba yako a Home Affairs sangakubweze kwanu, koma nkhani ziwirizi sizigwirizana ngakhale pang'ono.

Musanawerenge ndalama iliyonse, dziwani kaye gulu limene banki idzakuikani, chifukwa kuchuluka kwa ngongole kumayambira pamenepo. Munthu amene anapatsidwa chilolezo chokhazikika, chimene anthu amati PR, ndipo ali ndi chitupa cha kuno cha manambala 13, amaonedwa mofanana kwambiri ndi mbadwa, moti ngati mbiri yake ya ngongole ili yoyera akhoza kukongozedwa pafupifupi mtengo wonse wa nyumba. Munthu amene ali pa pemiti ya ntchito, kaya general work visa kaya critical skills visa, zomwe zimaperekedwa kwa zaka zosapitirira 5 pa ulendo umodzi, amaloledwa kukongola kuno, koma banki imaona kuti ngongole ndi ya zaka 20 pamene pemiti ikutha pasanapite zaka 5, ndiye imadziteteza pofuna dipoziti yaikulu, yomwe kawirikawiri imafika theka la mtengo wa nyumba. Pamenepa mabanki amasiyana, ndipo banki imodzi yomweyo imasintha mfundo zake nthawi ndi nthawi, potengera ntchito ya munthuyo, zaka zimene wakhala m'dziko muno ndi tsiku limene pemiti yake ikutha. Gulu lachitatu ndi la munthu amene sakhala kuno n'komwe, monga mbale wathu amene ali ku Lilongwe kapena ku London koma akufuna fulati ku Randburg yoti ana ake azikhalamo akamaphunzira. Malamulo oyendetsera ndalama zakunja a South African Reserve Bank amalola munthu wotere kukongola kuno mpaka theka lokha la mtengo, ndipo theka linalo liyenera kuchokera kunja kudzera kubanki, osati m'chikwama. Amene akudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera ku Malawi aona yekha kuti kwa munthu amene chuma chake chili m'makwacha njira imeneyi ndi yopapatiza.

Zikaoneka choncho, ambiri amalowa m'mayesero olemba nyumba m'dzina la munthu wina wa chitupa cha kuno, kaya ndi mnzawo wa kuntchito kaya ndi mayi amene akukhala naye, iwo n'kumapereka ndalama mwezi ndi mwezi mwakachetechete. Musayerekeze. Mwini nyumba ndi amene dzina lake lili ku Deeds Office, ndipo tsiku limene mudzayambane, kapena limene mnzanuyo adzamwalire abale ake n'kubwera ndi makiyi atsopano, malisiti anu sadzakubwezerani denga. Ngati muli pabanja ndi mbadwa ya kuno, njira yolongosoka ndi kupempha bondi limodzi, mayina onse awiri n'kulembedwa pa title deed. Zimenezi zimathandiza kuti banki iwonkhetse malipiro a anthu awiri, koma dziwani kuti aliyense mwa inu amakhala ndi udindo pa ngongole yonse, osati pa theka lake lokha, moti wina akasiya kulipira banki imatsata amene watsala.

Tsopano ku ntchito yokonza mapepala, yomwe ndi yaitali kuposa zonse. Ndalama zonse zimene mumapeza ziyenera kudutsa mu akaunti ya m'dzina lanu. Wolembedwa ntchito pakampani savutika kwambiri, chifukwa ma payslip a miyezi 3, masitetimenti ndi kalata ya abwana yotsimikizira kuti ntchitoyo ndi yokhazikika zimamulankhulira. Amene amavutika ndi ife a ntchito zamanja ndi malonda, atelala, omanga, okonza magalimoto, amene timalandira ndalama pamanja n'kudyera pomwepo. Banki imafuna kuona miyezi 6 kapena kuposerapo ya ndalama zolowa mosadukiza, mabuku a bizinesi okonzedwa ndi akauntanti, ndi zikalata za ku SARS, bungwe lotolera misonkho, zosonyeza kuti msonkho unakhomedwa pa ndalama zomwezo. Munthu amene wakhala akuuza a msonkho kuti amapeza zochepa sangathe kuuza banki kuti amapeza zambiri, popeza banki imakhulupirira pepala la msonkho. Alamu anga atabwerako kubanki kuja anayamba kuuza makasitomala awo kuti azilipira mu akaunti, ndipo amene waumirira kupereka pamanja, iwo amakaponya ndalamayo kubanki tsiku lomwelo asanagule ngakhale buledi. Poyamba zinkawawawa kuona banki ikudula kangachepe pa dipoziti iliyonse, koma sitetimenti yawo inayamba kufanana ndi kope lija.

Mbiri ya ngongole ndi chinthu chimene chimadabwitsa Amalawi ambiri, chifukwa kwathu munthu amene alibe ngongole ndiye wolemekezeka, pamene kuno munthu amene sanakongolepo ndi munthu amene banki siimudziwa. Chipereganyu chimene mwakhala mukusonkha mokhulupirika ndi anzanu a kumudzi sichioneka paliponse, ngakhale kuti ndi njira yabwino yosonkhanitsira dipoziti. Chimene chimaoneka ndi akaunti ya m'sitolo ya zovala, kontirakiti ya foni kapena khadi la ngongole, ngati mukulipira tsiku lake lisanadutse mwezi uliwonse. Tsegulani imodzi kapena ziwiri zazing'ono, ndipo musazidzaze. Lamulo la National Credit Act la mu 2005 limakupatsani ufulu woona mbiri yanu kwaulere kamodzi pachaka ku mabungwe osunga mbiri za ngongole monga TransUnion ndi Experian, ndipo ndi nzeru kuiona banki isanaione. Kwa ife a mapasipoti pali vuto lina lapadera: pasipoti ikatha n'kutenga yatsopano, nambala imasintha, ndipo mbiri yanu ikhoza kutsalira pa nambala yakale inu n'kumaoneka ngati mwangofika dzulo. Pitani ndi mapasipoti onse awiri kubanki ndi ku masitolo amene muli nawo akaunti kuti akonze zimenezi. Debit order, ndalama imene imadulidwa yokha mu akaunti mwezi uliwonse, yobwerera chifukwa mu akaunti munalibe ndalama imakhala chipsera pa sitetimenti, ndipo za katapila, amene kuno amati mashonisa, ndiye osayandikira n'komwe pa miyezi imeneyi.

Lamulo lomwe lija la National Credit Act limakakamiza banki kufufuza ngati mungakwanitse kubweza. Muyeso umene mabanki amayambira ndi wakuti zolipira bondi pamwezi zisapitirire 30 peresenti ya malipiro anu asanadulidwe msonkho. Munthu wolandira R20,000 ndiye kuti angalipire pafupifupi R6,000 pamwezi, ndipo pa chiwongoladzanja cha 11 peresenti kwa zaka 20 ndalama imeneyi ikufanana ndi ngongole ya pafupifupi R580,000. Kenako banki imachotsera zimene mumawononga, ndipo apa musabise ndalama zimene mumatumiza kumudzi. Zimaoneka pa sitetimenti mwezi uliwonse, za fizi ya ana a achemwali, za feteleza mvula ikayandikira, za maliro amene sapanganika. Ndi bwino kudziwerengera nokha moona mtima, chifukwa banki ikhoza kukuvomerani ngongole imene pa pepala mukuikwanitsa, koma iyo sidziwa kuti amayi akadwala ku Mangochi foni yoyamba imalira kwa inu.

Chiwongoladzanja cha bondi nthawi zambiri chimayenda ndi prime, mlingo umene mabanki amayambira powerengera chiwongoladzanja, yomwe imakhala 3.5 peresenti pamwamba pa repo rate, mlingo wa chiwongoladzanja umene Reserve Bank imalengeza pakatha miyezi iwiri iliyonse. Banki imakupatsani prime kuwonjezerapo kapena kuchotserapo pang'ono, potengera mmene ikukuonerani, ndipo mlendo wa pemiti asadabwe akaona kuti wawonjezeredwa. Chimene chiyenera kukukhalitsani tcheru ndi chakuti prime imasuntha. Mu July 2020 inatsika kufika pa 7 peresenti, ndipo pofika May 2023 inali pa 11.75 peresenti. Pa ngongole ya R500,000 ya zaka 20, kumeneku ndi kuchoka pa R3,880 kufika pa R5,420 pamwezi, nyumba yake yomweyo, malipiro ake omwewo. Anthu ambiri amene anagula nyumba nthawi ya mliri wa Covid-19 atakopeka ndi kutsika kuja anadzaona zakuda patapita zaka zitatu. Choncho powerengera, onjezerani 2 kapena 3 peresenti pa chiwongoladzanja chimene mwapatsidwa, muone ngati mungapumebe. Mbali yosangalatsa ya masamu omwewa ndi yakuti kuwonjezera R500 yokha mwezi uliwonse pa ngongole ya R500,000 ya 11 peresenti kumadula pafupifupi zaka 5 pa zaka 20 zija.

Dipoziti si ndalama yokhayo imene muyenera kukhala nayo pamanja. Wogula ndi amene amalipira loya wosamutsa umwini, ngakhale kuti amene amasankha loyayo nthawi zambiri ndi wogulitsa, ndipo amalipiranso loya wina wosankhidwa ndi banki amene amalembetsa bondi ku Deeds Office. Ndalama za maloya awiriwa zimakwera potengera mtengo wa nyumba ndi kukula kwa ngongole, ndipo ngakhale pa nyumba yotsika mtengo zimafika masauzande makumi angapo, choncho pemphani kuti akulembereni zonse musanasaine chilichonse. Banki nayo ili ndi ndalama yotsegulira ngongole, yomwe lamulo linaika malire ake pa R6,037.50, ndi kena kochepa ka mwezi uliwonse. Msonkho wa kusamutsa umwini, transfer duty, umapita ku SARS, koma kuyambira pa 1 April 2025 nyumba ya mtengo wosapitirira R1,210,000 siikhomeredwa msonkhowu, ndipo nyumba yatsopano yogulidwa kwa kampani yomanga imakhala ndi VAT mkati mwa mtengo m'malo mwa transfer duty. Malire amenewa amasintha ndi bajeti ya boma, ndiye funsani loya za chaka chimene mukugulacho. Thandizo la boma la First Home Finance, limene kale linkatchedwa FLISP, ndi la mbadwa ndi anthu a PR okha amene banja lawo limapeza pakati pa R3,501 ndi R22,000 pamwezi. Wa pemiti ya ntchito asaliwerengere.

Lamulo la FICA la mu 2001 limachititsa kuti banki, loya ndi ejenti onse afunse kumene ndalama ya dipoziti yachokera, komanso umboni wa kumene mukukhala. Ngati munagulitsa munda kapena galimoto kumudzi, sungani kalata ya malondawo ndi umboni wa mmene ndalamayo inalowera m'dziko muno. Ndalama imene inabwera m'thumba la jekete pa basi ya ku Park Station ilibe mbiri, ndipo idzakuvutani kawiri, pogula komanso tsiku limene mudzafune kuitulutsanso.

Mapepala akakonzeka, musathamangire kubanki yanu yokha. Pali makampani monga ooba ndi BetterBond amene ntchito yawo ndi kutenga pempho limodzi n'kulipereka ku mabanki angapo nthawi imodzi, monga Absa, FNB, Nedbank ndi Standard Bank, ndipo wogula salipira kanthu chifukwa amene amawalipira ndi mabankiwo. Kwa mlendo njira imeneyi ndi yothandiza koposa, popeza anthu amenewa amadziwa banki imene panthawiyo ikulandira anthu a pemiti ndi imene yatseka chitseko, ndipo mabanki awiri akavomera mumakhala ndi ponenerera kuti chiwongoladzanja chitsike. Pemphani kaye kalata yosonyeza ndalama imene mungakongole musanayambe kuyendera nyumba. Kalatayi si lonjezo la ngongole, koma imakutetezani kuti mtima usagwe pa nyumba ya ku Fourways pamene thumba likuloza ku Turffontein.

Banki imayesanso nyumbayo, chifukwa ndiyo chikole chake. Imatumiza munthu wake kukaiona, ndipo akaipeza kuti ndi yotsika kuposa mtengo umene mwagwirizana, ngongole imatsika nayo limodzi, inu n'kuwonjezera kusiyanako. Fulati kapena nyumba ya mu complex imakhala pansi pa bungwe la eni nyumba, body corporate, limene limatolera levy mwezi uliwonse pamwamba pa bondi ndi misonkho ya khonsolo ya City of Johannesburg. Pemphani mabuku a chuma a bungwelo ndi zolemba za msonkhano wawo wapachaka. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: fulati ya mtengo wotsika modabwitsa ku Hillbrow kapena ku Berea nthawi zambiri imakhala m'nyumba imene anthu anasiya kulipira levy, chikepe chinafa kalekale ndipo ngongole ya madzi ndi magetsi kukhonsolo ndi phiri, ndipo mabanki amakana kukongoza m'nyumba zotere. Nyumba za boma za RDP nazo zimagulitsidwa kwambiri m'makwalala ndi kalata ya kupolisi yokha, koma lamulo limaletsa mwini wake kuigulitsa zisanathe zaka 8, ndipo kalata ya kupolisi siisamutsa umwini wa nyumba. Ejenti amene mukuyenda naye akhale ndi Fidelity Fund Certificate, setifiketi yomulola kugwira ntchitoyi, yochokera ku PPRA, bungwe loyang'anira maejenti a nyumba, ndipo lamulo la Property Practitioners Act, limene linayamba kugwira ntchito mu February 2022, limafuna kuti akupatseni fomu imene wogulitsa walembapo zolakwika zimene akuzidziwa panyumbapo. Fomuyo isakulepheretseni kukwera nokha kudenga ndi tochi, kapena kulipira munthu wodziwa kuti akaone ming'alu, giza ndi chinyontho cha m'makoma, pakuti nyumba zambiri zakale zimagulitsidwa mmene zilili.

Pepala limene ejenti adzakuyalireni patebulo, Offer to Purchase, limaoneka ngati fomu wamba, koma wogulitsa akangosainira limasanduka mgwirizano womanga. Lamulo la Alienation of Land Act la mu 1981 limati malonda a malo akhale olembedwa ndi osainidwa, ndiye zimene ejenti walonjeza pakamwa, zakuti chitofu chitsala kapena mpanda ukonzedwa, zilembedwe mmenemo. Mwayi wosintha maganizo pasanathe masiku 5 ulipo pa nyumba ya mtengo wosapitirira R250,000 yokha, zomwe ku Joni ndi zosowa. Chofunika koposa kwa mlendo ndi ndime yonena kuti malondawa adzachitika pokhapokha banki itavomera ngongole ya ndalama yakutiyakuti pofika tsiku lakutilakuti. Lembani ndalama yeniyeni imene mukufuna kukongola, ndipo pemphani masiku okwanira, 30 kapena kuposerapo, chifukwa pempho la mlendo limadutsa m'maofesi ambiri kuposa la mbadwa. Banki ikakana kapena ikavomera yochepa, ndimeyi ndi imene imakumasulani n'kukubwezerani dipoziti yanu. Musasaine tsiku lomwelo pa boneti ya galimoto ya ejenti. Tengani pepalalo mukagone nalo, ndipo ngati Chingerezi cha maloya chikukuzunguzani, lipirani loya wanu kuti akuwerengereni.

Dipoziti isapite m'manja mwa wogulitsa. Imasungidwa mu trust account, akaunti yapadera yosungira ndalama za makasitomala, ya loya wosamutsa umwini kapena ya kampani ya ejenti, ndipo mukalemba kalata yopempha kuti iikidwe popindula, chiwongoladzanja chake chimakhala chanu mpaka tsiku la kusamutsa. Apa ndi pamene akuba a pa intaneti amabisalira. Amatumiza imelo yooneka ndendende ngati ya loya, chizindikiro chake chomwecho, dzina la mlembi wake lomwelo, yonena kuti akaunti yasintha. Musanatumize ngakhale randi imodzi, pitani nokha ku ofesi ya loyayo kapena imbani nambala imene munaitenga pamaso, osati imene ili mu imeloyo, ndipo mukhoza kufufuza ku Legal Practice Council ngati loyayo ali wovomerezeka.

Pali nkhani ya ukwati imene imachedwetsa Amalawi ambiri pa mphindi yomaliza. Ku Deeds Office amalemba ngati wogula ali pabanja ndi malamulo amene ukwatiwo uli pansi pake. Ngati nonse awiri munali okhazikika ku Malawi pa nthawi yokwatirana, ukwatiwo umatengedwa kuti uli pansi pa malamulo a Malawi ngakhale mutakhala kuno zaka zambiri, ndipo maloya amafuna kuti mnzanu wapabanja asainire nawo mapepala. Ngati mayi a kunyumba ali kumudzi, kapena ngati ukwati wanu unamangidwa ndi ankhoswe okha popanda setifiketi, muuzeni loya pa tsiku loyamba kuti akuuzeni umboni umene ukufunika. Mapepala osainidwa kunja kwa South Africa amayenera kutsimikiziridwa mwalamulo, monga ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo kupita ndi kubwera kwake kumadya masabata.

Kuchokera pa kusaina mpaka dzina lanu kulembedwa pamadutsa miyezi iwiri kapena itatu zinthu zikayenda bwino. Wogulitsa amayenera kupeza chikalata cha kukhonsolo chosonyeza kuti misonkho yalipiridwa ndi setifiketi yakuti mawaya a magetsi ali bwino, ndipo kuchedwa kwambiri kumachokera kumeneku. Mukalowa m'nyumba umwini usanasamutsidwe mumalipira lendi kwa wogulitsa, choncho musafulumire kutsanzika kumene mukukhala. Pa nthawi yodikirayi musatenge ngongole ina iliyonse, ngakhale ya mipando ya nyumba yatsopanoyo, chifukwa banki ikhoza kuyang'ananso mbiri yanu n'kubweza chilolezo chake.

Mukalandira makiyi, tsiku lotha pemiti lizikhala m'mutu mwanu monga tsiku lolipira bondi. Malamulo amafuna kuti pempho lowonjezera pemiti liperekedwe kutatsala masiku osachepera 60, kudzera ku VFS, kampani yolandira mapempho a mapemiti m'malo mwa Home Affairs, ndipo risiti yake mupite nayo kubanki, chifukwa mabanki amatha kutseka akaunti ya mlendo amene mapepala ake atha, debit order ya bondi n'kubwerera ndalama zili momwemo. Banki idzafuna inshuwalansi ya nyumbayo, yomwe mu complex imakhala kale mkati mwa levy. Inshuwalansi ya moyo yolipira ngongole mwini wake akamwalira ndi yofunika ngakhale banki itapanda kukukakamizani, ndipo pamodzi nayo lembani wilu ya katundu wa kuno. Tonse tinaonapo mmene katundu wa amasiye amathera maliro akangoikidwa, ndipo nyumba ya ku Joni imene ana amasiye sadziwa kumene mapepala ake ali imathera m'manja mwa banki kapena mwa munthu amene anangopezeka ali mkatimo. Ntchito ikatha kapena bizinesi ikagwa, pitani kubanki mwezi woyamba womwewo mukakambirane, musanalandire kalata ya section 129, yomwe ndi chiyambi cha njira yopita kukhoti ndi kugulitsidwa kwa nyumba.

Ambiri a ife sitinabwere kudzakhala matchona, ndipo tsiku lobwerera lidzafika. Mukhoza kusunga nyumbayo n'kuikamo munthu wa lendi, koma muiuze banki kuti mwasamuka, ndipo lendiyo imakhomeredwa msonkho ku SARS. Mukafuna kutseka ngongole nthawi isanakwane, ipatseni banki chidziwitso cha masiku 90 kuti mupewe chilango cha chiwongoladzanja. Munthu amene sakhalanso kuno akagulitsa nyumba ya mtengo woposa R2 miliyoni, loya amagwira 7.5 peresenti ya mtengowo n'kuipereka ku SARS ngati chikole cha msonkho wa phindu, ndipo zotsala zimatuluka m'dziko kudzera kubanki pokhapokha mutasonyeza mmene ndalama yogulira inapezekera. Amene anagula ali kunja aonetsetse kuti title deed yake yadindidwa kuti ndi ya munthu wosakhala m'dziko muno, ndipo asunge umboni wa kubanki wa ndalama imene inalowa.

Ena akawerenga zonsezi amaona kuti kuli bwino kumanga kwathu, ndipo nthawi zina akulondola. Banki ya kuno siilandira poloti ya ku Area 49 kapena ku Chileka ngati chikole, ndiye ngongole ya nyumba ya ku Malawi imafunsidwa ku mabanki a ku Malawi konko, monga National Bank of Malawi, Standard Bank kapena NBS Bank, yomwe inayamba ngati New Building Society. Nawonso amafuna umboni wa malipiro ndi pemiti ya kuno, komanso malo okhala ndi lizi kapena title deed ya ku Unduna wa Malo, osati kalata ya amfumu yokha. Chiwongoladzanja kumeneko ndi chokwera kwambiri, pakuti mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika mlingo wake pa 26 peresenti, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023 kunapeputsa ngongole ya makwacha kwa wolandira marandi, koma kunakweza simenti ndi malata kwa amene anali asanamalize kumanga. Amene anatenga unzika wa South Africa ayambe walongosola za unzika wake wa Malawi, chifukwa kusintha kwa lamulo la malo kwa mu 2022 kunaletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika, ndipo poloti imeneyonso ilembedwe m'dzina lanu, osati la achimwene amene akuyang'anira amisiri.